OTTO NEURATH, MPHUNZITSI WA TIANTHU

Boma la dziko liri lonse limawerenga anthu ace. Limafuna kudziwa ana amene abadwa, anthu amene amwalira, ndi amene akhala m'midzi kapena m'mizinda, kuti lidziwe pomanga masukulu ndi zipatala. Akatha kuwerenga, alembi amalemba manambala onse m'mabuku aakulu. Koma manambala otere ali ngati cimanga ca m'nkhokwe yaitali yopanda makwerero: cakudya cirimo ndithu, koma wanjala sangacitape. Munthu wamba akaona mizere ya manambala, maso ace amalema msanga, natseka buku. Lero tiwerenga mbiri ya munthu wina amene anapeza njira yoonetsera ziwerengero za anthu ndi zithunzi zapafupi, kuti ngakhale wosaphunzira azimve. Dzina lace ndiye Otto Neurath.

Ubwana ndi Maphunziro Ace

Otto Neurath anabadwa pa 10 December, 1882, mu mzinda wa Vienna, umene uli likulu la dziko la Austria ku Ulaya. Atate ace, a Wilhelm Neurath, anali mphunzitsi wa za cuma pa sukulu yaikulu ya ulimi, ndipo m'nyumba mwao munali mabuku pafupi-fupi 13,000. Otto akali mwana ankakonda kubvundukula mabuku okhala ndi zithunzi ndi mapu, naziyang'anitsitsa nthawi yaitali.

Mu Vienna muli nyumba zosungiramo zinthu zakale za maiko akutali. M'nyumba ina yotere mnyamatayo anaona zithunzi zimene anthu akale a ku Egypt ankalemba pa makoma a manda ao. Zinali zithunzi za anthu olima, okolola, osodza nsomba ndi oweta ng'ombe. Anazikonda kwambiri cifukwa zinalibe zokometsera zacabe. Munthu ali yense anaoneka poyera pamodzi ndi nchito imene anali kugwira, kotero kuti ngakhale mwana anatha kumva nkhani yace popanda womuuza. Zimenezi sanaziiwale moyo wace wonse.

Atate ace anamwalira m'caka ca 1901. Otto anapitiriza maphunziro, poyamba ku Vienna, pambuyo pace ku Berlin m'dziko la Germany, kumene anatsiriza m'caka ca 1906. Anaphunzira masamu, mbiri yakale ndi za cuma ca maiko. Atabwerera kwao anakhala mphunzitsi pa sukulu ya zamalonda. Anali munthu wamtali ndi wathupi, wa ndebvu zofiira, wokonda nthabwala. Polembera abwenzi ace, kumapeto kwa kalata ankajambula kanjobvu, ndipo onse anadziwa kuti njobvuyo ndi iye mwini.

Cisoni sicinacedwe kulowa m'nyumba mwace. Mkazi wace woyamba, Anna Schapire, anamwalira m'caka ca 1911 atangobala mwana wamwamuna, dzina lace Paul. Pambuyo pace anakwatira Olga Hahn, mkazi wakhungu koma wodziwa masamu kwambiri.

Nkhondo ndi Njala

M'caka ca 1914 kunabuka nkhondo yaikulu yoyamba ya dziko lonse. Neurath anagwira nchito m'gulu la asilikari a Austria, ndipo pambuyo pace anaikidwa m'ofesi yoona za cuma ca nthawi ya nkhondo. Nkhondoyo inatha m'caka ca 1918, Austria ndi Germany atagonja. M'caka ca 1919 iye anali ku Munich m'dziko la Germany, kumene boma latsopano la cigawoco linamuika kukhala woyang'anira ofesi ya cuma. Boma lija silinakhalitse, pakuti asilikari analigwetsa. Neurath anamangidwa, naweruzidwa kuti akhale m'ndende caka cimodzi ndi theka. Koma akulu a boma la Austria anamlankhulira, ndipo anamasulidwa nabwezedwa kwao.

Anapeza Vienna ali pa mabvuto aakulu. Mzindawo unali ndi anthu pafupi-fupi 2,000,000, ndipo ambiri a iwo anali anchito osauka. Mabanja athunthu ankagona m'kacipinda kamodzi kosalowa dzuwa. Cakudya cinasowa, malasha ndi nkhuni zinasowanso, makanda ankafa ambiri, ndipo nthenda ya cifuwa cacikulu inafala kotero kuti anthu anaicha nthenda ya ku Vienna. Ena anatuluka kunja kwa mzinda, nalima timinda ta ndiwo, namanga tinyumba ta matabwa. Neurath anakhala mlembi wa bungwe la anthu amenewa, nawathandiza kupeza malo ndi zomangira.

Pa nthawi yomweyo akulu a mzinda, amene anasankhidwa ndi anchito, anayamba kumanga nyumba zabwino ndi ndalama za msonkho. Pakati pa 1923 ndi 1934 anamanga nyumba za mabanja zoposa 60,000. Apa Neurath anaona cosowa cina. Anthu amene ankapereka msonkho ndi kusankha atsogoleri anayenera kudziwa ngati imfa za ana ziri kucepa kapena kuculuka, ndi kumene ndalama zao zinkapita. Ziwerengero zinalipo, koma zinali m'mabuku amene ophunzira okha anatha kuwamva. Iye anaona kuti munthu wosadziwa za mzinda wace sangathe kusankha bwino, ndipo ali yense wocenjera pakamwa akhoza kumnyenga.

Nyumba Yoonetsera

Motero m'caka ca 1925 anatsegula nyumba yoonetsera ya mtundu wacilendo. M'nyumba zina zotere anthu amapita kukaona mafupa a nyama zakale kapena zisoti za mafumu. Koma m'nyumba ya Neurath munali zithunzi zazikulu za pa makoma, zonena za anthu a mumzindamo ndi a maiko ena: obadwa, akufa, okwatira, odwala, anchito ndi osowa nchito. Kuyambira m'caka ca 1927 zithunzizo zinaikidwa m'cipinda cacikulu ca nyumba ya akulu a mzinda, ndipo ankatsegula ndi madzulo omwe kuti anchito adzaone ataweruka.

Neurath sanali woyamba kuonetsa ziwerengero ndi zithunzi. William Playfair wa ku Scotland anayamba kale, m'caka ca 1786, kuziyerekeza ndi mizati yaitali ndi yaifupi. Koma mzati sunena wokha cimene uimira, kaya ndi anthu, kaya ndi ng'ombe, kufikira munthu atawerenga mau olembedwa pambali pace. Neurath anafuna zithunzi zodzinenera zokha.

Nchito iyi sanaigwire yekha. Panali akatswiri osonkhanitsa ziwerengero. Panalinso mkazi wina wa ku Germany, Marie Reidemeister, amene anaphunzira masamu ku Göttingen, ndipo gawo lace linali lobvuta koposa. Iye ankatenga manambala onse, nafunsa akatswiri tanthauzo lace, nasankha cinthu cimodzi cofunika cimene cithunzi ciyenera kunena, nasiya zotsalazo, nalemba ndi pensulo m'mene cithunzico cidzakhalira. Ndipo kuyambira m'caka ca 1928 panali mmisiri wa zojambula, Gerd Arntz, wa ku Germany yemwenso. Iyeyu ankasema tianthu, tinyumba, ting'ombe ndi tisitima pa cinthu cofewa coyala pansi m'nyumba, cochedwa linoleum, napakapo inki, nadinda pa pepala monga acitira ndi cidindo ca ku positi. Motero kamunthu kamodzi kanatha kudindidwa kambiri-mbiri kosasintha maonekedwe. Pa moyo wace Arntz anapanga zizindikiro zotere pafupi-fupi 4,000.

Malamulo a Tianthu

Tsono tiyeni tione malamulo amene anthu awa anatsata, pakuti ndiwo mtima wa nchito yao yonse.

Lamulo loyamba, limenenso liri lalikulu, ndi ili: kamunthu kamodzi kaimire ciwerengero cimodzi cosasintha, ndipo anthu akaculuka ticulukitse tianthu, tisakulitse kamunthu ai. Tiyerekeze mizinda iwiri, wina wa anthu 10,000, wina wa anthu 20,000. Ojambula a masiku amenewo ankalemba munthu wamfupi kuimira mzinda woyamba, ndi cimunthu cacitali kawiri kuimira waciwiri. Koma munthu akatalika kawiri pa pepala amanenepanso kawiri, ndipo malo amene adzaza amakula kanai. Woona aganiza kuti mzinda waciwiri uposa unzace kanai, kapena sadziwa konse coti ayese, msinkhu kapena thupi. Cithunzi cotere cinama ngakhale manambala ace ali oona. Koma mwa njira ya Neurath tinganene kuti kamunthu kamodzi kaimira anthu 5,000. Pamenepo mzinda woyamba ukhala ndi tianthu 2, waciwiri tianthu 4, tonse tofanana msinkhu. Mwana wongoyamba sukulu akhoza kutiwerenga ndi cala, naona kuti mzinda wina uposa unzace kawiri.

Lamulo laciwiri ndi lakuti tianthu tiime m'mizere yoongoka, ndipo mizere yonse iyambire pamalo amodzi, monga anyamata a liwiro amayambira pa mzere umodzi. Zikatero maso amaona okha mzere umene wapitirira unzace. Ndiponso kunsi kwa cithunzi kulembedwe cimene kamunthu kamodzi kaimira, pakuti popanda mau amenewo woona sangadziwe ngati tianthu 4 ndi mudzi kapena dziko lonse.

Lamulo lacitatu likhudza maonekedwe a zizindikiro. Cizindikiro cisakhale ndi kanthu kosafunika. Tianthu tambiri ta Arntz tinalibe maso, mphuno kapena mabatani, koma munthu anadziwa msanga cimene tinali kunena. Wosowa nchito anaima manja ali m'matumba. Kubadwa anakuonetsa ndi kakhanda, ndipo imfa ndi kabokosi ka maliro. Cizindikiro cikasankhidwa cinkakhala comweco m'zithunzi zina, kuti munthu akaciphunzira kamodzi asabvutikenso. Mitundu ya utoto inali yocepa, ndipo mtundu uli wonse unali ndi nchito yace, sunali wokometsera cabe.

Lamulo lacinai ndi lakuti manambala atali afupikitsidwe. Mzinda ukakhala ndi anthu 19,874, tiuwerenge ngati wa anthu 20,000, ndi kudinda tianthu 4. Wina angadandaule kuti potero tataya anthu ena kapena taonjeza ena. Koma Neurath anaona kuti nambala yaitali munthu amaiiwala asanafike kunyumba, pamene mizere ya tianthu imakhala m'mutu masiku ambiri. Wofuna nambala yeniyeni akhoza kukaipeza m'buku la alembi.

Lamulo lotsiriza ndi lakuti cithunzi cimodzi cinene nkhani imodzi. Nkhani zikakhala zitatu, zithunzi zikhalenso zitatu.

Taonani citsanzo ca nchito yao. Anapanga cithunzi ca obadwa ndi akufa m'dziko la Germany kuyambira 1911 kufikira 1926. Kakhanda kamodzi kanaimira ana 250,000 obadwa pa caka, ndipo kabokosi kamodzi kanaimira anthu 250,000 akufa pa caka. Zakazo anazigawa zinai-zinai, ndipo gawo liri lonse linali ndi mzere wa makanda ndi mzere wa mabokosi. M'magawo atatu mzere wa makanda unali wautali kuposa wa mabokosi, ndiko kunena kuti anthu anali kuculuka. Koma pa zaka za nkhondo, 1915 kufikira 1918, mzere wa makanda unafupika, ndipo wa mabokosi unaupitirira. Mai wosadziwa masamu, poima patsogolo pa cithunzico, anatha kuona ndi maso ace cimene nkhondo imacita ndi mtundu wa anthu.

Zithunzi zotere anaziyesanso m'masukulu a mu Vienna, kuti aone ngati ana ali kuzimva. M'caka ca 1930 anasindikiza zithunzi 100 za utoto pa mapepala aakulu, zonena za anthu ndi cuma ca dziko lonse lapansi, zakale ndi za masiku amenewo.

Kuthawa Kawiri

Mbiri ya nchitoyi inamveka kutali, ndipo kuyambira m'caka ca 1931 Neurath ankapita ku Moscow kukaphunzitsa ena njira yace. M'mwezi wa February, 1934, iye ali komweko, ku Vienna kunabuka nkhondo ya paciweniweni pakati pa boma la Austria ndi cipani ca anchito. Anchito anagonja, nyumba yoonetsera inatsekedwa, ndipo apolisi anayamba kumfunafuna. Marie anamtumizira mau a pa lamya obisika tanthauzo, kumcenjeza kuti asabwerere. Motero Neurath sanauonenso mzinda umene anabadwiramo. Anapita ku The Hague m'dziko la Holland, ndipo Olga, Marie ndi Arntz anamtsata.

Kumeneko anayambanso nchito ali osauka. Njira yao poyamba inkachedwa ndi dzina la Vienna, koma m'caka ca 1935 anaicha Isotype. Anapeka dzinali ndi Marie, polumikiza malemba oyamba a mau a Cingerezi otanthauza njira ya maiko onse yophunzitsira ndi zithunzi. Anapanga zithunzi zophunzitsa anthu a ku America kupewa cifuwa cacikulu. Olga anamwalira m'caka ca 1937, ndipo m'caka ca 1939 anatulutsa buku lochedwa Modern Man in the Making, lodzala ndi zithunzi za kubadwa, kufa ndi kuculuka kwa anthu m'maiko ambiri.

Koma mtendere sunakhalitse. Pa 10 May, 1940, asilikari a Hitler analowa mu Holland. Neurath anali pangozi yaikulu, pakuti atate ace anali a mtundu wa Ayuda, amene Hitler ankawazunza, ndipo iye mwini anali wodziwika kuti atsutsana ndi ulamuliro wotere. Madzulo a pa 14 May iye ndi Marie anathamangira ku dooko la Scheveningen, nalowa m'kangalawa kopulumutsira anthu pa nyanja, m'mene munadzaza anthu oposa 40. Mabuku, zithunzi ndi zidindo zonse zinatsala m'mbuyo, ndipo Arntz anatsalanso. Anayenda pa nyanja usiku wonse, ndipo tsiku lotsatira sitima ya nkhondo ya ku Britain inawatola, niwatula ku Dover.

Popeza anali ocokera ku maiko a adani, boma la Britain linawatsekera m'misasa pa cisumbu ca Isle of Man, amuna paokha ndi akazi paokha. Anamasulidwa m'mwezi wa February, 1941, nakwatirana, nakakhala ku Oxford. Neurath anali ndi zaka 58, ndipo m'manja mwace munalibe kanthu. Komabe sanakhale pansi kulira zimene zinatayika. Iye ndi Marie anakhazika nchito yao kacitatu, napanga zithunzi za m'mabuku ndi za m'kanema, zophunzitsa anthu za cakudya ndi za umoyo pa nthawi ya nkhondo.

Masiku Otsiriza

Nkhondo itatha m'caka ca 1945, akulu a tauni ya Bilston ku England anampempha nzeru za kumangira anthu osauka nyumba zatsopano. Iye anawalangiza kuti ayambe afunsa eni ace amene adzakhalamo. Koma nchitoyo sanaione mapeto ace, pakuti anamwalira mwadzidzidzi ku Oxford pa 22 December, 1945, ali ndi zaka 63.

Marie anapitiriza nchito zaka zambiri. Anapanga mabuku a ana oposa 80. M'zaka za m'ma 1950 anapita ku Nigeria, ku Sierra Leone ndi ku Gold Coast, dziko limene lero lichedwa Ghana. Ku Nigeria anathandiza boma la cigawo ca kumadzulo kupanga timabuku ta zithunzi tofotokozera anthu za sukulu zaulere, za umoyo ndi za kasankhidwe ka atsogoleri, tina m'Cingerezi, tina m'cinenero ca Ciyoruba. Tianthu ta m'timabukuto tinabvala zobvala za komweko, kuti owerenga adzizindikire okha. Marie anamwalira ku London m'caka ca 1986, atapereka zithunzi ndi makalata a nchitoyi ku yunivesite ya Reading, kumene zisungidwa.

Lero tikaona m'buku la sukulu kapena m'nyuzipepala mizere ya tianthu tofanana, ndi mau kunsi onena cimene kamodzi kaimira, tiri kuona njira imene Neurath ndi anzace anaikonza. Iwo anatiphunzitsa kuti ziwerengero za anthu ziyenera kubwerera kwa anthu amene anawerengedwawo, ndi kuti wojambula cithunzi ca ciwerengero ayenera kukhala woona mtima monga mboni pa bwalo la milandu.

Mafunso

1. Kodi Otto anakonda ciani pa zithunzi za anthu akale a ku Egypt?
2. Chulani mabvuto atatu amene anthu a ku Vienna anali nao nkhondo yoyamba itatha.
3. Nchito ya Marie Reidemeister inali yotani? Nanga ya Gerd Arntz?
4. Fotokozani cifukwa cace cimunthu cacitali kawiri cimanyenga maso.
5. Kodi cithunzi ca makanda ndi mabokosi cinaonetsa ciani pa zaka za 1915 kufikira 1918?
6. Neurath anathawa kangati, ndipo anathawira kuti?

Zocita

1. Werengani anyamata ndi atsikana a m'kalasi mwanu. Jambulani mizere iwiri ya tianthu, kamunthu kamodzi kaimire ana 5. Musaiwale kulemba kunsi cimene kamodzi kaimira.
2. Pa kuwerenga anthu kwa m'caka ca 1969, m'dziko lathu la Zambia munali anthu pafupi-fupi 4,000,000. M'caka ca 2000 pafupi-fupi 10,000,000. Ndipo m'caka ca 2022 pafupi-fupi 20,000,000. Semani kamunthu pa mbatata yodula pakati, kapakeni inki, ndipo dindani mizere itatu, kamunthu kamodzi kaimire anthu 2,000,000. Mukatha, kaonetseni cithunzico kwa agogo anu, nimuone ngati acimva musanawafotokozere.